Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi

Loweruka lina m'mwezi wa Malichi, mvula itangokata, tidali anthu asanu ndi awiri pakhonde la golosale ina pa Kapoka, pomwe msewu wa ku Misuku umapatukira kuchoka pa tala wa Karonga ndi Chitipa. Tonse timadikira matola. Uthenga udali utafika kale kuti galimoto yomwe imayenera kutitenga yatitimira m'matope kumtunda, ndipo amuna a m'mudzi wapafupi ali pa kalikiliki ndi makasu. Poona kuti dzuwa likupita, mnyamata wina adatulutsa foni n'kutionetsa kanema wa mpikisano wa galimoto wa Safari Rally wa ku Kenya.

Tidaunjikana ngati nkhuku pa madeya. Kagalimoto kakang'ono, maonekedwe ake ngati Vitz zomwe zimachita takisi m'matauni mwathu, kamalowa m'chithaphwi madzi n'kumwazikira mbali zonse, kenaka n'kulumpha matayala onse anayi ali m'malere. Achinyamata amakuwa ndi chimwemwe. Koma bambo ena achikulire, makaniko amene akhala akukonza galimoto pansi pa mtengo kwa zaka zambiri, adangoyang'ana ali duu. Kanema atatha adandicheukira.

"Aphunzitsi, inu mumawerenga zambiri. Kagalimoto aka katathyokera pano pa Kapoka, ine ndingakakonze?"

Ndidaseka, n'kuwauza kuti eni ake sangawalole ngakhale kukakhudza.

"Ndiye si galimoto imeneyo," adatero bambowo. "Ndi chidole cha anthu olemera."

Tsiku limenelo ndidangoyesa nthabwala. Koma nditayamba kutsatira nkhani za masewerawa, ndidapeza kuti funso la makanikowo ndi lomwe lakhala likuzunguza mitu ya akuluakulu ku Ulaya. Akhala akukangana za malamulo atsopano opangira galimoto za mpikisano, omwe ayambe kugwira ntchito mu 2027. Ena angafunse kuti mphunzitsi wa kumudzi, amene ngakhale njinga yamoto adagula pangongole, zimukhudza bwanji. Ndilongosola.

Kodi ndi mpikisano wanji?

Kwa amene sadauonepo, mpikisanowu ndi wosiyana ndi wa Formula 1 uja galimoto zimangozungulira bwalo la tala wosalala. Uwu umachitikira m'misewu yeniyeni: yafumbi, yamiyala, yamatope, ina ya madzi oundana ku Sweden, ina yokhotakhota m'mapiri a kufupi ndi Monte Carlo. Msewu amautseka kwa maola angapo, galimoto n'kumanyamuka imodziimodzi, ndipo wopambana ndi amene watenga nthawi yochepa akaphatikiza zigawo zonse za masiku atatu kapena anayi. M'galimoto mumakhala anthu awiri, dalaivala ndi mnzake womuwerengera msewu kuchokera m'kabuku, kumuuza kuti kutsogoloku kuli kona yakumanzere, kuli mlatho wopanikiza, kuli dzenje. Mpikisano waukulu wa dziko lonse umatchedwa World Rally Championship, mwachidule WRC. Udayamba mu 1973, ndipo malamulo ake amapanga ndi bungwe la FIA lomwe likulu lake lili ku Paris.

Galimoto za gulu lapamwamba kwambiri zimatchedwa Rally1 ndipo zidayamba mu 2022. Matimu omwe ali nazo ndi atatu okha: Toyota ndi GR Yaris, Hyundai ndi i20, komanso M-Sport ya ku England yomwe imathamangitsa Ford Puma. Yaris ndi Vitz yomwe ija, dzina lokha ndilo linkasiyana malinga ndi dziko lomwe ankaigulitsa. Koma maonekedwe asakunamizeni. Mkati mwa galimoto ya mpikisanoyi mulibe Vitz. Muli chimango cha mapaipi achitsulo owotcherera mwaluso, ndipo thupi lomwe timaonalo ndi chovala chabe chomwe amavundikira pamwamba kuti ifanane ndi ya mushopu. Injini yake ndi ya malita 1.6 yokhala ndi turbo, ndipo matayala onse anayi amakoka.

Mtengo wake ndiwo umaimitsa mutu. Galimoto imodzi imafika pafupifupi ma euro 800,000, ndalama zoposa K1 biliyoni ngakhale pa mtengo wa kubanki. Ndalama zimenezo zingamange midadada ingapo ya makalasi, nyumba za aphunzitsi, n'kutsalanso zogulira madesiki. Zotsatira zake n'zoti pa mpikisano uliwonse galimoto za gulu lapamwambali zimakhala pafupifupi khumi basi. Makampani akhala akuchoka mmodzimmodzi: Subaru ndi Suzuki kumapeto kwa 2008, Volkswagen kumapeto kwa 2016, Citroën kumapeto kwa 2019. Chibwerereni Toyota mu 2017, palibe kampani ina yatsopano yomwe yalowa m'gululi. Gule akamathawidwa ndi ovina, ang'oma amayamba kufunsana.

Bokosi lomwe lidakana kutsekulidwa

Chomwe chidakometsa Rally1 pachiyambi chidali bokosi la magetsi lomwe adaika kumbuyo kwa mipando. M'bokosimo mudali batire ndi mota ya mphamvu ya makilowati 100. Dalaivala akaponda buleki, motayo imasanduka jenereta n'kumadzaza batire, ndipo akapondanso moto, magetsi aja amabwerera kumatayala kukathandiza injini. Injini payokha imatulutsa mphamvu ya akavalo pafupifupi 380, monga amayezera anthu a injini, koma ikaphatikizana ndi motayo imapitirira 500. Umu ndi momwenso zimagwirira ntchito galimoto za hybrid monga Prius ndi Aqua zomwe zayamba kuchuluka m'misewu mwathu.

Ine monga mphunzitsi wa Physics ndidalikonda bokosi limeneli. Ndikamaphunzitsa ana a Fomu 3 kuti mphamvu siitayika koma imangosintha mtundu, chitsanzo chabwino ndi chimenechi. Lole yotsika phiri la Misuku itanyamula matumba a khofi, mphamvu yake yonse imathera m'mabuleki omwe amatentha mpaka kununkha. Galimoto ya hybrid imatola ina mwa mphamvu imeneyo n'kuisunga. Ana amamvetsa msanga chifukwa fungo la mabuleki otentha amalidziwa.

Vuto lidali lakuti mabokosi onse amapanga ndi kampani imodzi ya ku Germany yotchedwa Compact Dynamics, ndipo matimu samaloledwa kusintha zamkati mwake. Msewu wa mpikisano ndi wa mabampu, galimoto imalumpha n'kumenyetseka pansi. Mu 2024 kampaniyo idakhwimitsa malamulo a chitetezo: bokosi likagwedezeka mopyola muyezo, lisakonzedwenso pamalo a mpikisano, koma litumizidwe kufakitale. Kukonzako kumatenga nthawi yaitali ndi ndalama zambiri, ndipo timu yaing'ono ngati M-Sport idaona kuti singakwanitse. Mu Novembala 2024 bungwe la FIA lidalengeza kuti kuyambira 2025 bokosilo lichotsedwe. Galimoto zidapepuka kuchoka pa makilogalamu 1,260 kufika pa 1,180.

Chaka chomwecho mkangano wina udali utabuka kale. Mu Febuluwale 2024 FIA idabwera ndi maganizo ochepetsa mphamvu za Rally1 mwadzidzidzi, kuti ziyandikire galimoto za gulu lachiwiri lotchedwa Rally2, zomwe ndi zotsika mtengo ndipo zilipo zambiri. Matimu adakana, ati adali atawononga kale ndalama zambiri popanga galimoto zomwe adalonjezedwa kuti zikhala mpaka 2026. Pofika Juni, FIA idabweza moto. Taonani, m'chaka chimodzi chokha, bokosi lichoke, ayi likhale, ayi lichoke ndithu. Kampani iti ingaike ndalama zake m'masewera omwe malamulo ake amasintha ngati mitambo ya Disembala?

Zomwe adagwirizana ku Kigali

Chigamulo chachikulu chidapangidwa kuno ku Africa. Mu Disembala 2024 akuluakulu a FIA adakumana ku Kigali m'dziko la Rwanda, motsogozedwa ndi pulezidenti wawo Mohammed Ben Sulayem, amenenso adali katswiri wa mpikisano wa mtunduwu m'maiko a Aluya. Kumeneko adavomereza malamulo a 2027.

Mfundo zake zikuluzikulu ndi izi. Choyamba, galimoto imodzi isapitirire ma euro 345,000, kutanthauza kuchepera theka la mtengo wa lero. Chachiwiri, chimango cha mapaipi chikhalapobe, koma pamwamba pake munthu angavundikirepo thupi la mtundu uliwonse, kaya la kagalimoto kakang'ono, kaya la galimoto zazitali zija, kaya lomwe wadzipangira yekha. Chachitatu, zipangizo zambiri, kuphatikizapo injini, zichokere ku gulu la Rally2, ndipo mphamvu yake ikhale ya akavalo pafupifupi 290. Chachinayi, si makampani akuluakulu okha amene aloledwe kupanga galimotozi, ngakhale magalaja aluso odziimira paokha angapange. Chachisanu, malamulowa akhale zaka khumi, ndipo khomo la hybrid kapena magetsi okhaokha alisiya lotsekula kuti lidzaganiziridwe mtsogolo. Galimoto za Rally2 nazonso zidzaloledwa kupikisana ndi zatsopanozi m'gulu limodzi.

Pa nkhani ya mafuta, mpikisanowu udasiya kale petulo wokumba pansi mu 2022, ndipo malamulo atsopano akupitiriza zomwezo. Ife Amalawi nkhani imeneyi si yachilendo kwenikweni. Kuyambira 1982 fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, yemwe amasakanizidwa ndi petulo amene timathira m'galimoto ndi njinga zathu.

Malamulowa atatuluka, anthu adagawikana pawiri. Koma tisanamve mbali zonse, tiyambe tabwerera m'mbuyo, chifukwa kontinenti yathu ili ndi mbiri yake pankhaniyi.

Pamene galimoto ya mpikisano idali galimoto

Safari Rally idayamba mu 1953 monga East African Coronation Safari, pokondwerera kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth. M'zaka zimenezo ulendo umadutsa m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, ndipo pena umafika makilomita 5,000, usana ndi usiku, m'misewu yosatseka yomwe mumayendanso mabasi, ng'ombe ndi anthu. Umachitika nthawi ya Pasaka, mvula ili pakati. Mu 1963 zidanyamuka galimoto zoposa 80, zidafika zisanu ndi ziwiri zokha.

Galimoto zomwe zimapambana zidali zomwe munthu akadatha kugula. Volkswagen Beetle idapambana kangapo m'zaka zoyambirira. Peugeot 404 idapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo Peugeot 504 idapambana mu 1975. Datsun idayamba kupambana mu 1970, ndipo Shekhar Mehta adapambana kasanu pa galimoto za kampani imeneyi, mu 1973 kenaka zaka zinayi zotsatizana kuchokera 1979 mpaka 1982. Funsani madalaivala akale a matola kuti galimoto zomwe zimalimba m'misewu ya fumbi masiku amenewo zidali ziti, akutchulirani maina omwewa. Sizidangochitika mwamwayi. Makampani amabwera ku Safari kudzaona chomwe chimathyoka, n'kukachilimbitsa kufakitale, ndipo wogula wa ku Mbeya, Isoka kapena Karonga amapindula nazo. Peugeot 504 idapitiriza kupangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria zaka zambiri eni ake ku France atasiya.

Nkhani yomwe imandisangalatsa kwambiri ndi ya Joginder Singh wa ku Kenya. Mu 1965 iye ndi mbale wake Jaswant adatenga Volvo PV544 yogwiritsidwa kale ntchito, yomwe idali itathamangapo kale mpikisano, n'kuikonza ndi manja awo. Adagonjetsa matimu a makampani ndi galimoto ya kaunjika. Joginder adapambananso mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi Lancer. Mpaka 1972, pamene Hannu Mikkola wa ku Finland adapambana pa Ford Escort, palibe dalaivala wochokera kunja kwa chigawocho amene adatengapo chikho cha Safari. Eni dera amaudziwa msewu, amadziwa matope akuda oterera aja, ndipo galimoto ikawonongeka amatsika n'kugwira sipanala.

Lero zinthu zidatembenuka. Safari idachotsedwa mu WRC itatha ya 2002 ndipo idabwerera mu 2021, likulu lake lili ku Naivasha. Mtunda wopikisana tsopano sufika makilomita 400. Mkenya womaliza kupambana Safari ili mu WRC ndi Ian Duncan, mu 1994. Chibwerereni mpikisanowu, opambana ndi alendo okhaokha monga Sébastien Ogier, Kalle Rovanperä ndi Elfyn Evans. Izi sizitanthauza kuti luso lidatha ku Africa. Dalaivala wa kuno sangapeze Rally1, choncho amapikisana m'gulu lachiwiri, akudya fumbi la anzake. Fumbi ndi lathu, mbidzi ndi akadyamsonga omwe amakometsa zithunzi ndi athu, koma chikho chimakwera ndege.

Phunziro la 1986

Pali mbiri inanso yomwe opanga malamulo sayenera kuiwala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 FIA idamasula malamulo n'kulola gulu lotchedwa Group B. Kampani imangofunika kupanga galimoto 200 zokha za mtunduwo kuti iloledwe kupikisana. Padabadwa zilombo monga Audi Quattro, Peugeot 205 T16 ndi Lancia Delta S4, zopepuka koma zamphamvu zoopsa. Anthu adazikonda, ndipo amadzaza misewu kudzaonerera.

Mu Malichi 1986 ku Portugal, Ford RS200 idaphonya msewu n'kulowa m'chigulu cha oonerera, anthu atatu adafa ndipo ambiri adavulala. Pa 2 Meyi chaka chomwecho pachilumba cha Corsica, Henri Toivonen ndi mnzake Sergio Cresto adagwera kuphedi pa Lancia Delta S4 n'kupsera momwemo. Group B idathetsedwa kumapeto kwa chakacho, ndipo mpikisano udabwerera ku galimoto zomwe kampani imayenera kupanga zosachepera 5,000.

Chomwe ambiri sakumbuka n'chakuti m'zaka zomwezo zilombo zija zimalephera ku Safari. Mu 1984, 1985 ndi 1986 idapambana ndi Toyota Celica yokoka ndi matayala akumbuyo okha, yosavuta kukonza komanso yolimba. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga si kufika.

Mbali ziwiri za mkangano

Otsutsa malamulo a 2027 ali ndi mfundo zomveka, ndipo si bwino kuwanyoza. Madalaivala ena akuti galimoto za gulu lapamwamba ziyenera kukhala zoopsa, zaphokoso, zoti munthu akaziona tsitsi liime. Ukazitsitsa kufika pa mphamvu ya Rally2, akutero, oonerera adzaona kusiyana ndipo adzataya chidwi. Makampani nawo akuti salowa mpikisano pofuna kusewera, amafuna kuonetsa luso lomwe akugulitsa. Dziko likulowera ku galimoto za magetsi, ndiye kuthira ndalama m'galimoto ya injini wamba kuli ngati kutsatsa nyali ya palafini kwa anthu amene akugula sola. Akuluakulu a Hyundai adaonetsa poyera kukayika kwawo pa chifukwa chimenechi, pamene Toyota ndiyo idayamba msanga kupanga galimoto ya malamulo atsopanowa. Enanso akukayika ngati n'zotheka kupanga galimoto yotere pa ma euro 345,000, ati makampani adzapeza njira yobisira mtengo weniweni m'masipeya.

Ogwirizana ndi malamulowa akuti mpikisano wa galimoto khumi si mpikisano. Oonerera amene waima m'mbali mwa msewu sayeza liwiro ndi makina, chomwe amafuna n'kuona anthu ambiri akulimbirana chikho, wakwawo ali momwemo. Galimoto za Rally2 zilipo mazanamazana padziko lonse, zopangidwa ndi Škoda, Citroën, Ford, Hyundai ndi Toyota, ndipo zimamangidwa pa thupi lenileni la galimoto ya mushopu. Zikaloledwa kupikisana pamwamba, dalaivala wa ku Nairobi, Kampala kapena Lusaka adzakhala ndi mwayi.

Ine ndili kumbali yachiwiriyi, komabe sindikuomba m'manja ndi manja onse awiri.

Kutsitsa mtengo n'koyenera, ndipo kulola magalaja odziimira paokha n'koyeneranso. Chimango cha mapaipi sindikutsutsana nacho, chifukwa chimateteza moyo wa anthu awiri ali mkatimo, ndipo phunziro la 1986 lidagulidwa ndi magazi. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti galimoto yotereyi ilibenso ubale ndi ya mushopu. Kale kampani ikalimbitsa masipuling'i chifukwa cha Safari, mlimi wa ku Nthalire amadzamva kukoma kwake patapita zaka. Tsopano chomwe chidzalimbe ndi chimango chomwe sichidzagulitsidwa kwa aliyense.

Ndiponso sindikhulupirira kuti magetsi ndiwo adalakwa. Chidalakwika ndi bokosi losatsekulika, lomwe likadwala limayenera kukwera ndege kukaonana ndi dokotala mmodzi yekha padziko lonse. Kulichotsa kudali kuthawa funso, pamene funsolo likudikirabe yankho: kodi batire ndi mota zingapangidwe bwanji kuti zipirire mabampu, fumbi ndi madzi, n'kutheka kukonzedwa ndi munthu wokhala ndi zipangizo wamba? Palibe malo ena abwino oyankhira funso limeneli kuposa mpikisano wa m'misewu yoipa.

Zikutikhudza bwanji kuno ku Chitipa?

Galimoto zomwe timakwera kuno sitisankha tokha. Zimachokera ku Japan zitagwira kale ntchito zaka zingapo, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, kenaka kulowera pa Songwe kapena kudzera ku Tunduma ndi Nakonde. Zomwe Japan ikugula lero ndi zomwe tidzagule mawa, ndipo Japan ikugula hybrid zochuluka. Tifune tisafune, zikubwera. Zili ndi ubwino wake, chifukwa kuno mafuta akasowa timakhala omaliza kulandira, ndipo galimoto yomwa pang'ono ndi dalitso. Koma zidapangidwira misewu ya ku Tokyo.

Tala wa Karonga ndi Chitipa, wa makilomita pafupifupi 100, adatipumitsa zedi. Akuluakulu amakumbuka momwe ulendo umenewu umadyera tsiku lathunthu nthawi ya dzinja. Koma ukangochoka pa talayo kulowera ku Misuku, ku Kameme, kapena ku Chisenga, Wenya ndi Nthalire, wayamba Safari yakoyako, popanda helikopita yokulondera kumwamba. Kumeneko n'komwe kuli anthu ambiri, masukulu, zipatala zazing'ono ndi mbewu.

Mnzanga wina adagula hybrid chaka chatha, ndipo kwa miyezi ingapo amatiseka ife ogula mafuta a m'zigubu. Tsiku lina atawoloka kamtsinje kodzaza, nyali zidayaka pa dashibodi, galimoto n'kungoti zii. Makaniko atatu adabwera, adazungulira, adasuzumira, palibe adalimba mtima kugwira mawaya a olenji aja, ndipo adachita bwino chifukwa magetsi ake amapha. Galimotoyo idakwezedwa pa lole mpaka ku Mzuzu. Mwezi womwewo mayi ake adadwala usiku, ndipo adawatengera kuchipatala pa kabaza, atawakhazika pakati. Vuto la mnzangayu ndi lomwe lija la M-Sport, kusiyana kwake ndi kukula kwa thumba basi.

N'chifukwa chake ndikadakhala ndi mpando ku Kigali, ndikadapempha zinthu zitatu.

Choyamba, malire a mtengo akhudzenso masipeya, ndipo pakhale owunika enieni. Tonse timadziwa wogulitsa amene amatsitsa mtengo wa mpini n'kukweza wa khasu.

Chachiwiri, hybrid ikadzabwerera, lamulo lidzanene kuti chilichonse chili m'galimoto chitheke kutsekulidwa ndi kukonzedwa pamalo a mpikisano, m'mphindi zomwe makaniko amapatsidwa, komanso kuti zipangizozo zikhale pachibale ndi za galimoto za mushopu. Malamulo a lero ali kale ndi mbewu ya ganizoli, chifukwa galimoto ikawonongekera kutali ndi malo okonzera, dalaivala ndi mnzake okha ndiwo amaloledwa kuikonza, ndi zipangizo zomwe anyamula. Mzimu umenewu ufike mpaka ku batire. Kampani yomwe ingapambane Safari ndi hybrid yokonzeka patchire idzagulitsa galimoto kuyambira ku Cairo mpaka ku Cape Town.

Chachitatu, lonjezo loti Rally2 idzapikisana mofanana ndi galimoto zatsopano lisakhale la pakamwa. Makolo adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Africa ili ndi mpikisano wakewake, African Rally Championship, womwe udayamba mu 1981, ndipo maiko awiri omwe achita malire ndi boma lathu lino, Zambia ndi Tanzania, akhala akuchititsa zigawo zake. Satwant Singh wa ku Zambia adatenga chikho chimenechi kasanu ndi katatu. Karan Patel wa ku Kenya adachitenga mu 2023 ndi 2024. Anthu ngati amenewa akafika ku Naivasha ndi galimoto zawo, anyamuke akudziwa kuti msewu ndi luso ndizo zigamule.

Ifenso tili ndi gawo lathu. Sitingadikire Paris kuti itiphunzitsire ana. Bungwe la TEVETA pamodzi ndi makoleji a ntchito zamanja monga a Livingstonia ndi Mzuzu aike mtima pa kuphunzitsa galimoto za hybrid, ndipo aganizirenso makaniko akale omwe ali kale pansi pa mitengo, powakonzera maphunziro aafupi m'maboma momwemo. Anthu amenewa adaphunzira injini ya dizilo popanda buku, sangalephere batire atapeza wowaonetsa poyenera kugwira ndi posayenera kugwira. Ndipo ife aphunzitsi a sayansi tisiye kuphunzitsa magetsi ngati nkhani ya mayeso okha. M'kalasi mwanga muli atsikana ndi anyamata amene amamasula njinga yamoto yonse n'kuibwezeretsa Loweruka limodzi, koma pa pepala la Physics amalemba zonjenjemera, chifukwa palibe adawauza kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi.

Tsiku lija pa Kapoka, matola athu adafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'magalasi, paipi ya utsi itamangidwa ndi waya. Makaniko aja asanakwere adagwada, n'kusuzumira kunsi, n'kupempha dalaivala sipanala ya 17. Adamanga nati imodzi yomwe idali itatsala pang'ono kugwa, adapukuta manja pa udzu, n'kukwera kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza. Tidafika ku Misuku mdima utagwa, koma tidafika tonse.

Ndikakumana nawonso ndidzawauza kuti funso lawo lidafika mpaka ku Kigali, ndipo theka lake layankhidwa. Theka linalo tidzaliona mu 2027, galimoto yoyamba ikadzathyokera m'matope a ku Naivasha.